Mfuti iliyonse ndi chipolopolo chake: zimene alenje a .222 Remington amafuna akamadziikira okha wonga

Mfuti ziwiri za mtundu umodzi, zotuluka m'fakitale imodzi sabata imodzi, sizilasa mofanana. Mutatsegula bokosi limodzi la zipolopolo n'kugawira ziwirizo, ina idzaunjika mabowo pamodzi pa chandamale, inzake idzawamwaza. Alenje ambiri a ku America, ku Ulaya ndi ku South Africa akaona zotere sathamangira kugulitsa mfuti yomwazayo. Amatola makoko a zipolopolo zimene awomba, kuwakonza, kuthiramo wonga woyeza pa sikelo, n'kuikapo mutu watsopano, mpaka atapeza chipolopolo chimene mfuti yawoyo ikugwirizana nacho.

Kwathu kuno munthu akamva za wopanga zipolopolo kunyumba, maganizo amathamangira ku gogodela ndi kwa opha nyama mozembera m'nkhalango zotetezedwa. Izi n'zosiyana kutalitali. Kumene chizolowezichi chinafala, ochita ndi anthu a ziphaso za mfuti, ndipo boma limawayang'anitsitsa. Ku South Africa lamulo la Firearms Control Act la m'chaka cha 2000 limalola mwini chiphaso kudzipangira zipolopolo za mfuti imene ili pa chiphasocho, ndipo mlenje wamba saloledwa kusunga ma primer (tizitsulo toyatsira wonga m'chipolopolo) opitirira 2,400 pa mfuti imodzi. Ku Germany munthu amayamba wachita maphunziro ndi mayeso asanapatsidwe chilolezo chogulira wonga. Ku Britain wogulitsa sangakupatseni ma primer musanamuonetse chiphaso.

Chipolopolo chabwino kufotokozerapo nkhaniyi ndi .222 Remington. Anachikonza ndi Mike Walker, injiniya wa kampani ya Remington, ndipo chinafika pa msika mu 1950. Mutu wake ndi waung'ono, mamilimita 5.7 m'mimba mwake, wolemera magalamu 3.2 okha, koma umachoka pakamwa pa mfuti ukuthamanga mamita oposa 900 pa sekondi. Alimi a ku America anachikonda pophera tinyama tokumba mauna m'msipu, a ku Britain pophera nkhandwe ndi agwape ang'onoang'ono. Mbiri yake yeniyeni inamveka m'mpikisano wa benchrest, umene mfuti imagonekedwa pa tebulo lolimba ndipo wopambana ndi amene mabowo ake athinana kwambiri. Mu 1973 Mac McMillan anawomba zipolopolo zisanu pa mtunda wa mayadi 100, ndipo mabowo awiri otalikirana kwambiri anasiyana ndi inchi 0.009, kutanthauza osafika ngakhale kota ya milimita. Panapita zaka 40 munthu wina asanamupose. Ufumu wa .222 m'mipikisanoyo unatha cha m'ma 1975 pamene Louis Palmisano ndi Ferris Pindell anabweretsa zipolopolo zawo za PPC, koma alenje sanachitaye.

Chipolopolo chili ndi ziwalo zinayi: khoko la mkuwa, primer imene imakhala pakati pa tsinde la khoko, wonga, ndi mutu umene umauluka. Kachitsulo ka mfuti kakamenya primer, moto umadutsa pa kabowo n'kuyatsa wonga. Wonga wa masiku ano, wochokera ku nitrocellulose monga anayambira Paul Vieille ku France mu 1884, suphulika kamodzi n'kamodzi. Umayaka mofulumira n'kusanduka mpweya wotentha, ndipo mpweyawo ndi umene umakankha mutu. Bungwe la CIP, loyang'anira miyezo ya mfuti ku Ulaya, linaika malire a .222 pa 3,700 bar, pafupifupi kuwirikiza ka 3,700 mphamvu ya mpweya umene watizungulirawu. Zonsezi zimachitika ndi kutha m'kanthawi kongopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, masentimita ochepa kuchoka pa tsaya la wowombayo. Pa ziwalo zinayizi, khoko lokha ndi limene limatha kugwiranso ntchito, ndipo ndi limenenso lili lodula. Si khoko lililonse limene limabwerezedwa. La .22 LR, kamfuti kamene ambiri amakadziwa, lili ndi mankhwala oyatsira m'mphepete mwa tsinde, ndipo likaphwanyika pamenepo latha ntchito. Makoko okonzeka mosavuta ndi a primer ya mtundu wa Boxer, a kabowo kamodzi pakati, chifukwa primer yakale imangokankhidwa ndi kanthu konga singano n'kugwa. Chodabwitsa n'choti Edward Boxer anali Mngelezi koma njira yake inakakhazikika ku America, pamene ya Hiram Berdan, Mmereka, ndi imene inafala ku Ulaya.

Alenje amayeza kulasa kwa mfuti ndi muyezo wotchedwa MOA, umene pa mamita 100 ndi pafupifupi masentimita 2.9. Mfuti yosakira imene imaika zipolopolo zake zonse m'kati mwa MOA imodzi ndi yabwino. Ya .222 yosamalidwa, ndi zipolopolo zoyenera, imatha kufika theka la pamenepo. Pa njati kapena ntchefu kusiyana kotereku kulibe kanthu, koma malo ophera nkhandwe ndi aang'ono ngati chikhatho, ndipo kamutu ka magalamu atatu kakalasa pambali, nyama imathawa ndi bala n'kukafera kutali mozunzika.

Fakitale ili ndi vuto limodzi limene mlenje wa pa tebulo lake alibe. Chipolopolo chake chiyenera kulowa m'mfuti iliyonse ya .222 padziko lapansi, yatsopano ndi ya zaka 70 yomwe. Choncho chimapangidwa chocheperako pang'ono, pamene chipinda cha mfuti cholandira chipolopolo chimabooledwa chokulirapo pang'ono, motsatira miyezo ya CIP kapena ya SAAMI ku America. Pakati pa ziwirizi pamatsala mpata, ndipo mpatawo umasiyana mfuti ndi mfuti. Wodzipangira amakonzera mfuti imodzi yokha. Komabe tinene chilungamo: zipolopolo zogula za masiku ano n'zabwino kuposa za m'nthawi ya Walker, ndipo amene amawomba bokosi limodzi pa chaka sangabweze ndalama ya press (makina ofinyira makoko), ma die (zikombole zobwezera khoko pa muyezo wake) ndi sikelo. Mtundu wa .222 uli ndi chifukwa china chowonjezera. Kuyambira pamene .223 Remington inatuluka mu 1964 n'kutenga msika, masitolo ambiri sasunga mitundu yambiri ya .222, ndipo mwini mfutiyo amangopatsidwa chimene chilipo.

Chimene chimasintha zinthu kwambiri ndi mutu. Anthu amakonda kukangana za wonga, koma mfuti ikakana mutu wina wake, palibe wonga umene ungaikakamize. M'kati mwa mpope muli mizere yopota imene imagwira mutu n'kuuzunguza. Pa .222 yachikale mizereyo imamaliza kuzungulira kamodzi pa mainchi 14 alionse, ndipo pa liwiro lija mutu umatuluka ukuzungulira pafupifupi ka 160,000 pa mphindi. Kuzungulira kumeneku ndi kumene kumausunga kuti nsonga ikhale kutsogolo. Mutu ukakhala wautali umafuna kuzunguzidwa kwambiri, mfundo imene katswiri wa masamu Alfred George Greenhill anaiwerengetsera mu 1879. Zindikirani kuti nkhani ndi kutalika, osati kulemera kokha. Mpope wopota pa mainchi 14 umakonda mitu yolemera ma grain 40 mpaka 55 (grain imodzi ndi magalamu 0.0648), makamaka yaifupi ya tsinde lafulati. Mukaupatsa mutu wa ma grain 69, umene mpope wa .223 wopota pa mainchi 8 kapena 9 umaunyamula bwinobwino, udzafika pa chandamale chammbali n'kusiya bowo lotalika. Mitu ya mkuwa wokhawokha, yopanda mtovu, imene malamulo a malo ngati California amafuna, ndi yaitali kuposa inzake yolemera mofanana, ndiye yavutitsa eni mfuti zakale ambiri.

Pa liwiro lozungulira lotere, kachilema kakang'ono kamakula. Chikopa cha mkuwa chokuta mtovu chikachindikala mbali imodzi ngakhale pang'ono zedi, mutu umatuluka ukupendekera kumbali, ndipo mbaliyo imasintha chipolopolo ndi chipolopolo. Ichi n'chifukwa chake mitu ya Sierra, Berger, Hornady, Nosler kapena Lapua imagulidwa modula. Koma mutu wopangidwira mpikisano suyenera kupita kutchire chifukwa choti walasa bwino pa pepala. Wosakira uyenera kufutukuka ukalowa m'nyama, wa tinyama ting'onoting'ono uswekeretu, wa gwape ugwirane n'kulowa m'kati. Mlenje amayamba wasankha mutu woyenera nyama yake, kenako n'kuona ngati mfuti iulola.

Za makoko sizifuna mawu ambiri, ngakhale ndi kumene nthawi yambiri imathera. Khoko likawombedwa limafufuma n'kutenga maonekedwe a chipinda cha mfutiyo. Kale ankaphunzitsa kuti muzingofinya khosi lokha, thupi lisiyidwe mmene lilili. Lero akatswiri ambiri amabweza khoko lonse mu die, koma phewa amalikankhira m'mbuyo pang'ono chabe, pafupifupi milimita 0.05. Kwa mlenje njira yachiwiriyi ndi yanzeru, popeza chipolopolo chokana kulowa nyama ili patsogolo n'chopanda ntchito. Phewa likamakankhidwa mopitirira muyezo, khoko limatamuka nthawi iliyonse likawombedwa, limapyapyala pafupi ndi tsinde, tsiku lina n'kuduka pawiri m'mfuti. Makoko amatalikanso, ndipo a .222 akadutsa mamilimita 43.2 ayenera kudulidwa, apo ayi kamwa lake limapanikizika n'kugwira mutu mwamphamvu, mphamvu ya mpweya n'kukwera. Ndipo makoko a makampani osiyana sasakanizidwa. Kunja amaoneka ofanana, koma lochindikala lili ndi malo ochepa m'kati, ndiye wonga womwewo umatulutsa mphamvu yosiyana.

Wonga ulipo wa mitundu yambirimbiri, ndipo chimene chimausiyanitsa ndi kufulumira kwa kayakidwe. Khoko laling'ono ndi mutu wopepuka zimafuna wonga woyaka mofulumirirapo pakati pa mitundu ya mfuti zazitali. Eni .222 amatchula maina ngati IMR 4198, H322 wa Hodgdon, N130 ndi N133 a Vihtavuori ya ku Finland, ndipo ku South Africa ambiri anakulira pa S335 wa Somchem. Kuchuluka kwake sikuchokera m'mutu mwa munthu kapena kwa mnzake wa pa Facebook. Makampani opanga wonga ndi mitu ali ndi zipangizo zoyezera mphamvu ya mpweya, ndipo amasindikiza muyezo woyambira ndi muyezo wa malire pa mutu uliwonse. Wodzipangira amayambira pansi, n'kumakwera pang'onopang'ono, osadutsa malire.

Wonga nawonso amauyeza mu ma grain. Pali anthu amene amagula sikelo yodula kuti aziwerenga kanjere kalikonse ka wonga. Masamu ake sawavomereza kwenikweni pa mtunda waufupi. Mutu wa .222 umatenga pafupifupi sekondi 0.11 kufika pa mamita 100, ndipo m'kanthawi kameneko dziko limaukokera pansi masentimita 6. Liwiro likasintha ndi mamita 10 pa sekondi, bowo limasuntha ndi milimita imodzi kapena kupitirira pang'ono. Pa mamita 300 kusiyana komweko kumafika cha m'ma sentimita awiri. Ambiri a benchrest ya pafupi akhala akupambana ndi wonga wongotungidwa ndi makina oyeza kuchuluka, osaika pa sikelo chipolopolo chilichonse. Wowomba kutali ndi amene ayenera kuda nkhawa ndi kanjere kamodzi.

Tsono pali nkhani imene imatenthetsa mitu. Mfuti ikalira, mpope umanjenjemera ngati nsungwi yaitali imene mwaimenya kutsinde: nsonga imagwedezeka uku ndi uku. Mutu umatuluka nsongayo ili paulendo, ndipo kumene yaloza panthawi imeneyo ndi kumene mutu upite. Ganizo lake n'loti mukasintha wonga pang'ono, mumasintha nthawi imene mutu ukutulukira, ndipo pali muyezo wina umene umautulutsa nsonga ili pafupi kuima isanabwerere. Pamenepo ngakhale liwiro lisiyane pang'ono, mabowo amagwera pamodzi. Creighton Audette anatchukitsa njira yofunira malo amenewa: kuwomba chipolopolo chimodzichimodzi, chilichonse ndi wonga wochulukirapo pang'ono, pa chandamale chimodzi chakutali, n'kuona pamene mabowo aunjikana. Dan Newberry anabwera ndi ina yowomba magulu ang'onoang'ono mosinthanasinthana.

Kuti mpope umanjenjemera, palibe amatsutsa. Chokayikitsa ndi choti zipolopolo zitatu zingakuuzeni zoona. Mabowo amagwa mwamwayi mozungulira malo amodzi, ndipo gulu limakula mukamawonjezera zipolopolo ngakhale mfuti ndi wonga zisasinthe. Masamu a zimenezi ndi odziwika: kawirikawiri gulu la zisanu limaposa la zitatu ndi kota, ndipo la 10 limaposa la zitatu ndi theka n'kupitirira. Choipa kwambiri n'choti magulu a zitatu amasiyana okhaokha kwambiri. Mutapanga zipolopolo 30 zofanana ndendende n'kuziwomba m'magulu 10 a zitatuzitatu, lina lidzathinana mokongola, lina lidzamwazika kuwirikiza kawiri kapena katatu. Tsopano ganizirani munthu amene magulu 10 amenewo anali a miyezo 10 yosiyana ya wonga. Adzaloza lothinana lija n'kunena kuti wapeza chinsinsi cha mfuti yake, adzalijambula, adzalidula n'kuliika m'chikwama. Sabata yotsatira muyezo womwewo udzamwaza, iye n'kunamizira mphepo. Akatswiri a kampani ya Hornady, ndiponso Bryan Litz wa Applied Ballistics, atayesa ndi magulu akuluakulu anaona kuti kusiyana kochuluka kumene anthu amakuona pakati pa miyezo yoyandikana kumazimiririka zipolopolo zikachuluka.

Ine ndili kumbali ya amenewa, ngakhale ndikudziwa kuti a benchrest, amene mfuti zawo zimasiyanitsa ngakhale milimita imodzi, ali ndi zifukwa zawo zosinthira wonga pakati pa tsiku. Mfuti yosakira, ya mpope wopyapyala, yowombedwa ndi munthu wopuma befu, siona tinthu timeneto. Imaona kusintha kwakukulu: mutu wina, wonga wa mtundu wina. Amene ali ndi mitu 100 yoyesera apindula kwambiri akayesa mitundu itatu, uliwonse zipolopolo 20 kapena 30, kuposa kuigawa m'timagulu 30.

Kuzama kwa mutu m'khoko nakonso kumayesedwa. Pakati pa mutu ndi poyambira mizere pali kampata kamene mutu umadumpha usanagwidwe. Fakitale imasiya kampata kakakulu kuti kakwanire mfuti zonse. Wodzipangira amayeza mfuti yake n'kuyamba ndi pafupifupi theka la milimita. A mpikisano ena amaukankhira mutu mpaka kuluma mizere, koma kutchire zimenezi n'kudziputira tsoka. Mphamvu ya mpweya imakwera, ndiponso mukafuna kutulutsa chipolopolo chosawombedwa, mutu umatha kutsalira mu mpope, wonga n'kukhuthukira m'zitsulo za mfuti, ulenje n'kuthera pomwepo. Chipolopolo chiyeneranso kukwana m'magazini. Poyambira mizere pamapsa ndi kudyeka pang'onopang'ono, choncho kampata kamakula ndi zaka. Apa .222 ili ndi mwayi, chifukwa imatentha wonga wochepa ndipo mpope wake umakhalitsa kuposa wa .22-250 kapena .220 Swift ya mu 1935, imene inkadutsa mamita 1,200 pa sekondi.

Zizindikiro zoti mphamvu ya mpweya yapyola zimadziwika: bolt (chitsulo chotsekera chipolopolo m'chipinda cha mfuti) kulimba potsegula, tsinde la khoko kukhala ndi kachipsera kowala, primer kuphwatalala kapena kugwa yokha. Vuto lake n'loti zimachedwa. Pamene zikuoneka, malire mumakhala mutawadutsa kale. Mboni yodalirika ndi chronograph, chipangizo choyeza liwiro. Liwiro silibwera laulere, ndiye mfuti ikamathamangitsa mutu kuposa zimene kampani inalemba pa mpope wotalika mofanana, mphamvu nayonso yaposa. Kutentha kumawonjezera. Muyezo umene unali bwino m'mawa wa Julayi ku Karoo, ku South Africa, madzi atagwira ayezi, ukhoza kulimbitsa bolt mu Januwale zipolopolo zitakhala pa dzuwa m'galimoto. Ngozi zazikulu zimachokera ku kusasamala kwa pa tebulo. Wonga wa mfuti za m'manja ukalowa m'khoko la mfuti yaitali, mfuti imasweka. Chipolopolo choiwalidwa wonga chimakankha mutu ndi primer yokha n'kuusiya pakati pa mpope, ndipo chotsatira chimakaugunda. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amaika chitini chimodzi chokha cha wonga pa tebulo, amaunika ndi tochi m'khoko lililonse asanaike mutu, ndipo amasamba m'manja akamaliza poopa mtovu wa m'ma primer.

Zonsezi zikatheka, mphepo imakhala ikudikira panja. Yowomba chopingasa pa makilomita 16 pa ola imakankha mutu wa ma grain 50 ndi masentimita 30 kapena kuposerapo pa mayadi 300. Munthu amene wataya miyezi kuchotsa theka la sentimita pa gulu lake akhoza kuphonya ndi chikhatho chathunthu chifukwa sanaone mmene udzu ukuweramira. Chipolopolo chimene chimapha nyama ndi choyamba, chotuluka mu mpope wozizira, ndipo mfuti zina zimachiika pena posiyana ndi zotsatira. Kuchidziwa kumafuna kuwomba chimodzi lero, china mawa, pa pepala lomwelo.

Ku Britain kulinso msampha wa lamulo umene umakola eni .222 makamaka. Kuyambira mu 2007, ku England ndi Wales amalola mfuti za .22 zamtunduwu pa agwape awiri aang'ono, muntjac ndi Chinese water deer, ndipo ku Scotland, kumene lamulo lake ndi lakale, amalola pa gwape wina wotchedwa roe. Koma mutu usachepere ma grain 50, ndipo mphamvu yake pochoka pakamwa pa mfuti isachepere ma foot-pound 1,000, amene ndi ma joule pafupifupi 1,356. Kuti mutu wa ma grain 50 ufike pamenepo uyenera kuthamanga mamita 915 pa sekondi. Zipolopolo za fakitale zimalembedwa cha m'ma 957, koma poyezera pa mpope wa mainchi 24. Alenje ambiri kumeneko amafupikitsa mpope kuti aikepo chochepetsa phokoso, ndipo inchi iliyonse yodulidwa imadya mamita 7 kapena 8 pa sekondi. Mpope ukafika mainchi 18, malire aja mwawakhudza kale. Ndiye mlenje akapeza kuti mfuti yake imathinanitsa mabowo pa wonga wochepa, n'kukhazikika pomwepo osayeza liwiro, akhoza kukhala ndi chipolopolo cholasa bwino nkhandwe koma choletsedwa pa gwape. Ambiri ofuna nyama zonse ziwiri ndi mfuti imodzi yaifupi amasankha .223, imene ndi mutu wa ma grain 55 imadutsa malirewo ndi ma foot-pound oposa 200 pa mpope wautali, n'kutsala ndi podulapo.